Tsiku Limene Ndinapachika Ndowa mu Mtengo wa Mango

Dzinja lija kolera inafika kuno kwathu, ambiri a inu munali mutayamba kale kabaza pano pa Njuli, ndiye musandiyang'ane ngati ndikukamba za nthawi ya atsamunda. Sunthani njingazo zisatseke khomo, mvula iyi sikata msanga. Iwe wachipewa, dzuka pa ndowapo, ndi ya eni ake.

Ntchito yanga mukuidziwa. Ndakhoma zidebe kuyambira ndili mnyamata, kale lija ndowa ya lata ikabooka munthu ankabwera nayo kuno ataifungata ngati mwana wodwala, osati lero mwadzaza mapulasitiki oti akang'ambika mungoponya kudzala. Ndipo pa ntchito imeneyi lamulo ndi limodzi basi, chinthu chikamadontha usathiremo madzi, yamba watseka bowo. Makolo athunso ankatero ndi mwana wotsegula m'mimba, ati mukamupatsa madzi mukuwonjezera zoti atulutse. Ndiye m'mutu mwangamu munali mboni ziwiri, nyundo yanga ndi malemu amayi anga.

M'mawa wina akazi anga, amake Esinati, anadzuka nako kutsegula. Kupita kuchimbudzi, kubwera, kupitanso, kachitatu sanafikeko n'komwe. Zotulukazo zinali zoyererako ngati madzi otsukira mpunga, ndipo m'mimba simunkapweteka ayi, kumangokhuthuka basi. Dzuwa lisanafike pamutu maso anali atalowa m'kati, mawu atasasa.

"Abambo, ndipatseniko madzi."

Ine ndinati, "Iyayi mayi, mukudontha. Titseke kaye."

Musaseke, ndinanena ndi chikondi changa chonse. Ndinakazinga ufa wa makaka, ndinawotcha nthochi yosapsa, ndikuti zimenezi zikamata m'katimo ngati phula. Anameza pang'ono n'kusanza zonse. Nditatembenuka ndinawaona akukwawa kulunjika pa mtsuko. Ha! Ndinati mayi awa adzipha okha ndikuona. Madzi a mumtsuko ndinakhuthulira mu ndowa, ndinatenga chingwe, ndinakwera mu mtengo wa mango uja wapakhomo, nkhalamba ine mawondo akulira, n'kuyamba kukoka chimodzichimodzi. Ndowa ziwiri, ketulo, ngakhale kabeseni komwera nkhuku, zonse m'mwamba. Nditatsika ndinadziyamikira kuti koma ndiye ndili ndi nzeru.

Nthawi yomweyo anatulukira alamu anga a Felesiya, ang'ono awo a akazi anga, akuchokera ku Ndunde ndi mtolo wa mpiru pamutu. Anaima n'kuyang'ana m'mwamba.

"Alamu, mango a chaka chino abereka ndowa?"

Ndisanayankhe analowa m'nyumba, ndipo mfuu imene inatulukamo nkhuku zinabalalika. Anatsina khungu la padzanja la akulu awo, khungulo linangoima osabwerera. Anandifunsa kuti madzi amwa liti, ine ndinawafotokozera bwinobwino za lamulo la bowo. Mayi amene aja ankandigwadira pondipatsa moni zaka zonsezi, koma tsiku limenelo ananditchula chitsiru anthu akumva, kawiri. Anaimitsa njinga yamoto, kaya anali mmodzi wa inu, anawakhazika odwala pakati, iwo kumbuyo atawamanga ndi chitenje. Ine ndinatsatira pa kapalasa wanga, chikwama cha zitsulo chili pa keliyala monga mwa masiku onse.

Kuchipatala odwala kolera anali mu tenti yawoyawo, ndipo polowa ankatisambitsa m'manja ndi kutipondetsa m'madzi a kolorini. Nditalowa ndinamva chisoni, anyamata inu. Bedi lililonse lobooka pakati, pansi pake atatchera ndowa. Ndinati umphawi wafika pamenepa? Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa nyundo ndi kachidutswa ka lata, n'kuwauza anamwino kuti asadandaule, pofika madzulo mabedi onse akhala atatsekedwa.

Anamwinowo anali mayi wamfupi wovala majombo, ndipo sanatembenuke n'komwe, anali kalikiliki kufunafuna mtsempha pa mkono wa akazi anga.

"Agogo, mukangokhudza bedi limodzi ndikutulutsani. Mabowowo ndi adala, wodwala alibe mphamvu zopitira kuchimbudzi."

Atapachika diripi ine mtima sunandilole. Ndinati, "Koma mayi, mukuthira madzi mu chinthu chodontha? Bowo lili pati, tiyambe ndi limenelo?"

"Palibe bowo."

Mawu amene aja anandikhazika pansi. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaone chinthu chodontha chopanda bowo. Ndiye iwo, manja ali pa ntchito, anandifotokozera. Anati kolera ndi tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timalowa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu, ndipo ine pompo ndinakumbukira chitsime chathu cha kudimba chimene madzi osefukira anadutsamo sabata imeneyo. Tambiri timafera m'chifu, koma topulumuka timasambira mpaka m'matumbo, n'kukamatirira m'mbali mwake n'kumaswana. Sitiluma, sitiboola. Timangotulutsa poizoni, ndipo poizoniyo amatembenuza ntchito ya matumbo. M'malo moyamwa madzi kupititsa m'magazi, matumbo amayamba kutunga madzi ndi mchere m'thupi n'kumatayira kunja.

Ine ndinati, "Ndiye kuti ndowa ikudzikapa yokha?"

"Ngati mukumva bwino choncho, eya. Ndipo chimene chimapha munthu ndi kuuma. Magazi amachepa, mtima umasowa chopopa. Mukamabwezera madzi kuposa amene akutayika, pakapita masiku ochepa tizilomboto timatha, matumbo amabwerera mwakale. Mwawapatsa makapu angati chidzukireni?"

Ndinayang'ana majombo awo. Alamu anga ndi amene anayankha.

"Afunseni ndowa zili kuti."

Anamwino atamva za mtengo wa mango sanaseke ayi. Anati tikanachedwa pang'ono tikanabwera kudzatenga mtembo. Apo m'pamene ndinachita mantha enieni, ndipo ndinadziwa kuti mkazi amene ndakhala naye chiyambire unyamata wanga ndinatsala pang'ono kumupha ndi manja anga, ndili kudzitama.

Akazi anga atayamba kutsegula maso, anamwino anandipatsa kapu ndi sipuni, ndi madzi aja osungunuliramo mchere ndi shuga. Anati zikangotsika pansi pa bedi, ine ndibwezere pakamwa, akasanza ndidikire pang'ono ndiyambirenso. Masiku atatu mmisiri wa zidebe ndinakhala pamenepo, pansi zikutuluka, pamwamba ndikuthira, ntchito imene mwana wanga akanaichita pa shedi pano ndikanamuthamangitsa. Tsiku lachitatu akazi anga anafunsa ngati nkhuku zamwa madzi, ndipo ndinalira pamaso pa alamu anga osachita manyazi.

Inu a lero muli ndi mwayi. Mijigo ilipo, kolorini amagawa, wailesi imanena, ife tinkangoyendera zimene tinamva kwa akuluakulu. Ndiye ndikupempheni, pakuti ndinu amene mumanyamula odwala. Munthu akayamba kutsegula za madzimadzi mupatseni madzi abwino, owiritsa kapena othira mankhwala, amwe ali panjira pomwe, ndipo musadikire kuti mwina zisiya. Wina akayamba kukufotokozerani nzeru zake zakale, ngakhale akhale wa imvi ngati ine, lizani njinga muzipita.

Amake Esinati anachira, mumawaona akudutsa apa popita kutchalitchi. Sananditukwanepo, ndipo nkhani ya ndowa amaikamba okha kwa amayi anzawo mpaka onse kugwa ndi phwete. Koma chichokereni kuchipatala kuja sananditumenso madzi. Miyendo imawavuta masiku ano, mtsuko ungakhale pafupi ndi ine, amagwira khoma n'kudzuka pang'onopang'ono. Ndikati ndikutungireni, amati, "Khalani abambo, nditunga ndekha." Ine ndimangokhala pomwepo kapu ili m'manja, kudikira kuti mwina lero andituma.