Anandichotsa Pakati pa Maseva, Mulungu Anandipeza M'munda wa Kachewere

Abale ndi alongo okondedwa amene mumawerenga tsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale nanu kulikonse kumene muli. Lero ndati ndikuuzeni za nthawi imene ntchito inandithera ndili ndi mkazi ndi ana atatu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti njira yoti ntchitoyo ithe ndinailambula ndekha.

Kwathu ndi ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, koma kwa zaka zambiri ndinkagwira ntchito pa kampani ina ku Blantyre. Ndinkasamalira chipinda cha maseva. Maseva ndi makompyuta akuluakulu amene amasunga zonse za pakampani, ndipo makompyuta a m'maofesi amakatenga zinthu kumeneko. M'chipindamo munkazizira ngati kwathu mwezi wa Juni, makina akungolira osapuma. Ndinkaikonda ntchitoyo. Seva ikayamba kudwala ndinkaimva ndi khutu ndisanayang'ane n'komwe pa sikirini.

Chaka china mabwana anadandaula kuti maseva achuluka ndipo akudya magetsi ambiri. Amene anabweretsa nzeru ndine. Ndinawauza kuti pali njira yoika maseva ambiri m'kati mwa makina amodzi amphamvu, iliyonse n'kumagwira ntchito ngati ili payokha, monga nyumba imodzi yogawidwa zipinda, banja lililonse ndi khomo lake. Ndinaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse mpaka mashelefu amene anali odzaza anatsala ndi makina atatu okha. Anandiyamika pamsonkhano, anthu n'kuomba m'manja. Koma zinthu zitasonkhana pamodzi choncho, kunakhala kosavuta kuzisamutsira ku kampani ina yakunja imene imasungira anthu maseva. Chipinda chija anachitseka, ine n'kundipatsa kalata.

Tinalongedza katundu n'kubwerera ku Kandeu, kwa bambo anga. Ndinalembera malo ambiri, koma ambiriwo sanayankhe, ndipo ochepa amene anandiitana ankafuna mapepala atsopano amene ine ndinalibe. Anthu a m'mudzi akandifunsa kuti tchuthi chitha liti, ndinkangoseka n'kupitirira. Kutchalitchi ndinayamba kukhala kumbuyo. Kenako ndinasiya kupemphera, chifukwa ndinkaona ngati Mulungu wandilanga ndi nzeru zanga zomwe.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Loweruka lililonse ankasita malaya anga a kuntchito ndi simbi ya makala, n'kuwapachika bwinobwino kuseri kwa chitseko. Tsiku lina ndinawakalipira kuti akungotaya makala. Anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Bambo a Tadala, tsiku limene adzakuitaneni simudzapita ndi malaya amakwinya. Inu ngati mwatopa kupemphera pumulani, ine ndikupemphererani."

Bambo anga ndi munthu wosalankhula zambiri. Anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo mpaka lero chifuwa chimawavuta. M'mawa wina tikukwezera kachewere m'munda, anaona kuti ndaima nthawi yaitali nditatsamira khasu. Anabwera n'kukhala pa mzere pafupi nane.

"Nafenso anatibweza," anatero. "Migodi itasiya kulemba anthu a kwathu, ndinafika pano ndi sutikesi imodzi, manyazi ali tho. Mayi ako anandiyalira mphasa osandifunsa kanthu. Iwe unaphunzira sukulu ndi kachewere wa munda uno. Mulungu sakhala ku Blantyre kokha ayi."

Ndinalira, abale, munthu wamkulu ndithu. Bambo anavula chipewa, n'kundigwira paphewa ndi dzanja lawo lamatope, ndipo tinapemphera pomwepo. Ine ndinangoti, "Ambuye, sindikudziwanso chopempha. Mundikumbukire basi."

Panapita masabata angapo popanda chosintha. Ndiye tsiku lina chakumasana, ndili m'munda momwemo, foni inalira. Nambala yake sindinkaidziwa.

"Achimwene, ndine Nangozo. Mwandiiwala?"

Sindikanawaiwala. Mayi Nangozo ndi a ku Kasinje, ndipo ankasesa maofesi pa kampani ija ku Blantyre. Poti tinali ochokera boma limodzi, tinkaitanana achimwene ndi achemwali, ndipo tiyi wa m'mawa tinkamwera limodzi pakhonde. Anasiya ntchito ine ndisanachotsedwe, ndipo tinatayana. Anandiuza kuti tsopano akusesa pa ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi, pa boma pa Ntcheu. Seva yawo inali itazima kwa masiku atatu. M'menemo munali mayina a alimi onse oyenera kulandira mbewu, midzi yawo ndi kukula kwa minda yawo, ndipo mvula inali pafupi. Katswiri amene anamuitana kuchokera ku Lilongwe anati afika sabata yotsatira.

"Ndawauza abwana kuti kwathu konkuno kuli munthu amene makina amenewa amamumvera," anatero mayi Nangozo. "Poyamba anandiseka, koma lero andiuza kuti ndikuitaneni. Bwerani, achimwene."

Ndinathamangira kunyumba. Mayi a Tadala anangotsitsa malaya aja n'kundipatsa, akumwetulira.

Nditafika pa ofesiyo, abwana ake, mayi wina waulemu koma wooneka wotopa, ananditengera kukachipinda kakang'ono kumbuyo. Nditangotsegula chitseko, mpweya wotentha unandiwomba kumaso. Makina oziziritsa anali atafa kalekale. Seva yawo inkasunga zinthu pa madisiki asanu ogwirizana, okonzedwa mwakuti imodzi ikafa zinthu sizitayika. Koma apa awiri anali akuyaka nyale yofiira. Ndinafunsa za bakapu, kope lapadera limene amasunga podziteteza, ndipo tinapeza kuti linasiya kujambulidwa miyezi yapitayo popanda wozindikira.

Ndinadziwa kuti ndikalakwitsa kamodzi kokha, mayina aja apita ndipo sadzabwereranso. Ndinapempha kuti andisiye kaye ndekha, ndipo ndinagwada pasimenti n'kupemphera. Kenako ndinawerenga mbiri imene seva imalemba yokha. Ndinaona kuti disiki yoyamba inafa kale ndithu, koma yachiwiri inangokanidwa ndi makina tsiku limene kunatentha kwambiri. Mwina inali idakali ndi moyo.

Tinatsegula mawindo, mayi Nangozo n'kutolera mafani okupiza mpweya a m'maofesi onse. Ndinaizula disiki yachiwiriyo mosamala n'kuyamba kukopera zonse za m'menemo pa ina yatsopano imene ofesiyo inali itasunga. Zinayenda pang'onopang'ono, ndipo kawiri konse zinaima n'kuyambiranso. Dzuwa likupendeka zinatha. Ndinaika disiki yatsopanoyo n'kuyatsa seva. Abwana aja anakhala pa kompyuta yawo, n'kutsegula, ndipo mayina anayamba kutuluka mudzi ndi mudzi. Anagwira pakamwa. Mayi Nangozo analulutira pakhonde mpaka alonda anathamangira kudzaona.

Sabata yomweyo anandipempha kuti ndikonze zonse kuti zoterezi zisadzachitikenso, ndipo mwezi usanathe anandilemba ntchito. Lero ndimasamalira maseva a bungweli ndi a maofesi ake m'maboma oyandikana nafe. Njira ija yoika maseva ambiri m'makina amodzi ndi imene ndinagwiritsa ntchito pano, ndipo yathandiza bungwe lopanda zipangizo zambiri kuti liziyenda bwino. Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala ku Kandeu ndi banja langa.

Mwezi watha bambo anabwera ku boma kudzaonana ndi adokotala za chifuwa chawo, ndipo anati akufuna aone kumene ndimagwira ntchito. Ndinawalowetsa m'kachipinda kaja, kamene tsopano kamazizira bwino. Anamanga mabatani a jekete, n'kuyang'ana timagetsi tobiriwira tikuphethira. Anafunsa ngati mayina a alimi alidi m'menemo, ndipo ndinati eya. Kenako anati, "Ndiye uziwasamala bwino, mwana wanga. Amenewa ndi anthu."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikumbukira. Ndikuthokoza mayi a Tadala, bambo anga, ndi achemwali anga mayi Nangozo, amene analimba mtima kutchula dzina langa pamaso pa abwana awo. Inu amene mukuwerenga muli pakhomo, kalata yochotsedwa ntchito ili m'thumba, ndikudziwa mmene mtima ukuwawira. Musadzipatule kwa anthu amene amakukondani, ndipo ngati mawu a pemphero akutherani, nenani ochepa omwewo amene mwatsala nawo. Ambuye amamva. Limbani mtima, abale anga, ndipo Mulungu akudalitseni.