Maganizo M'chigafa cha Fodya

Sellah, mtsikana wa fomu folo pa sekondale yoyendera kufupi ndi Santhe, akangoona pepala la mayeso mutu unkaima, manja n'kuyamba kunjenjemera. Madamu Feliya, aphunzitsi ake, anamulangiza kuti tsiku lililonse azikhala chete mphindi khumi, maso otseka, n'kumamvetsera kupuma kwake. Masana ena bambo ake, a Lemani, anamupeza atakhala pa belo la fodya m'chigafa.

"Iwe Sellah! Wadwala?"

"Ayi, bambo." Sanatsegule maso. Anali atalonjeza Madamu kuti mphindi khumizo azizikwanitsa zivute zitani.

"Ukupemphera?"

"Ayi. Ndikumvetsera mpweya wanga."

A Lemani anatchera khutu. "Ukuti chiyani mpweyawo? Ine sindikumva kanthu."

"Suyankhula, bambo. Ndikudikira maganizo. Akabwera ndiwaone, kenako azipita."

Sellah anamva mtolo wa fodya ukugwa pansi kuti phu!

"Maganizo? Amabwera muno?"

"Paliponse. Muno, panjira, m'kalasi..."

"M'kalasi! Ndiye kuti ndi mnzako wa kusukulu?"

"Mnzanga ayi, amavutitsa. Esitere wa m'kalasi mwathu ndiye amachita kulira nawo."

"Aaa! Ndi Esitere yemwe? Dikira kaye. Ukuti 'amabwera', 'amavutitsa'. Ulemu umenewu, si munthu wandevu zake ameneyu?"

Sellah ankamva mawuwo chapatali, mtima uli pa kupuma. "Ena ndi aakulu, ena ang'onoang'ono."

"Alipo angati kodi?"

"Sawerengeka."

"Mayo ine! Banja lonse!"

"Madamu anati ndisawathamangitse. Ukawathamangitsa amabweranso ndi mphamvu. Ndizingowalandira."

"Madamu ati? A Feliya omwe aja amatsogolera kwaya kutchalitchi?"

"Omwewo. Akuti ngakhale iwo amawabwerera."

"Amuna awo akudziwa?"

"Kaya, bambo. Chonde, zatsala mphindi zitatu."

"Zitatu kuti afike? Basi! Mawa kusukulu usapondeko. Ukakhala kwa azakhali ako ku Kapelula, ine ndikaonana ndi ahedi."

Apa mawuwo anamufika Sellah. Mayeso anali atatsala milungu itatu yokha. Manja anayamba khalidwe lawo lija. Anakoka mpweya, n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kachiwiri. Kachitatu. Zala zitakhazikika, anatsegula maso. Bambo ake anali atanyamula mpini wa khasu, akusuzumira kuseri kwa masamba opachika, akuyenda monyang'ama.

"Bambo, mukufuna ndani?"

"Maganizo! Atuluke tionane. Ndi mwana wa yani ameneyu? Wa a Sunganani a ku esiteti?"

Sellah anawayang'ana, n'kuyang'ana mpiniwo, kenako phwete linamupulumuka mpaka anatsetsereka pa belo.

"Ukuseka?"

"Maganizo a m'mutu, bambo! Oti ndilephera mayeso. Oti anzanga andiseka. Oti ndikuchititsani manyazi m'mudzi muno."

Mpini unatsika pang'ono. "A m'mutu?"

"Eee."

"Alibe njinga?"

"Alibe, bambo."

"Ndevu?"

"Ngakhale imodzi."

A Lemani anatsamiritsa mpini pa nsanamira ngati anangoutola panjira. Anakanda m'khosi, maso ali kudenga. "Hoo. Amenewo ndiye ndimawadziwa. Fodya akamapita ku okushoni amandipeza, chakudya osalowa. Ndimawatukwana koma sachoka."

"N'chifukwa chake. Musamalimbane nawo. Amakhala pang'ono, akatopa amapita okha." Anatambasula manja. "Onani. Mwanena zondichotsa sukulu, koma sakunjenjemera."

A Lemani anawaona manjawo nthawi yaitali. Anali manja omwe aja analephera kugwira cholembera pa mayeso oyeserera, mwana n'kubwera kunyumba akulira. Anatsokomola, n'kusuzumira panja ngati kukudutsa munthu. Atatero anavula chipewa, anakhala pa belo lina, n'kutsinzina mwamphamvu ngati akumwa mankhwala owawa.

"Musachite kufinya nkhope, bambo. Ingopumani."

"Ndikupuma! Ndinayamba kupuma iwe usanabadwe."

M'chigafa munakhala zii, kupatula masamba ouma akukhwekhwereza ndi kamphepo. Sellah anadikira, koma funso linkamuyabwa.

"Ndiye mawa kusukulu ndipite?"

A Lemani anakweza chala, maso ali chitsekere.

"Chete iwe! Afika. Ndipo lero abwera ndi akazi awo."