Mnzanga Waphunzira Chiswahili

Lero Lachitatu ndadzuka thupi lili lofooka ngati ndadwala. Omvera anzanga, ndine mtsikana wa ku Malawi, ndili pa sekondale kuno ku Nairobi.

Chaka chatha m'kalasi mwathu munabwera Mmalawi mnzanga wosadziwa Chiswahili, ngakhale moni weniweniyu. Ndinkamumasulira m'sitolo ndi m'matatu, minibasi za kuno. Ankanditcha achemwali, ndipo ine ndinapeza woseka naye m'Chichewa.

Dzulo aphunzitsi anatiuza zomwe Agiriki akale ankanena: ubwenzi wotsata phindu umatha phindulo likatha, koma wokonda munthu chifukwa cha khalidwe lake umakhalitsa. Ndinamucheukira mnzanga uja ndikumwetulira, poganiza kuti wathu ndi wachiwiriwo. Iye anali kunong'onezana ndi anzake atsopano.

Poweruka ndinamuthamangira. "Iwe, tikwerera limodzi eti?"

Anandiyankha m'Chiswahili chosalala, chomwe ndinamuphunzitsa ndine: "Dzipita mayi, njira ndikuidziwa tsopano." Anzakewo anaseka.

Kodi miyezi yonseyi ankakonda ine kapena pakamwa panga? Sindikudziwa, ndipo ndikuopa kumufunsa.

Mawa ndikamudikirabe pa siteji ya ku Umoja, pomwe tinkakwerera matatu limodzi. Ndikudziwa kuti sabwera, koma pasukulu ponse palibenso wina woti ndimufunse m'Chichewa kuti wadzuka bwanji.