Maovololo a Tsiku Limodzi

Olemekezeka oimira ofesi ya Bwanamkubwa wa boma lathu la Kafue. Olemekezeka khansala wa dera lino, Mayi Nelly Chipungu. Atumiki a Mulungu motsogozedwa ndi Abusa Enock Siame. Wapampando wa gulu losoka zovala la Tisoke Tokha, Mayi Audrey Moonga, pamodzi ndi mamembala onse. Azimayi a pamsika amene mwafunditsa matebulo anu m'mawa uno kuti mudzaone ndi maso. Anthu a ku Nangongwe, ndi inu nonse amene mwaima kumbuyoko chifukwa mipando yachepa: ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye.

Ine ndine Lighton Njobvu. Papepala la mwambo uno andilemba kuti "mkulu wa mpingo ndiponso katswiri wa za mafakitale." Za mpingo ndivomera, mwa chisomo. Za ukatswiri ayi. Sukulu yanga inathera pa giredi 12, ndipo masamu ndinakhoza chifukwa amayi anga anasala kudya masiku atatu.

Amene muli ndi maso akuthwa mwaona kale kuti riboni yamangidwa pakhomo la nyumba yosokeramo iyi, koma patebulo pano palibe sizasi. Sanaiwale. Sizasi ili m'chikwama cha Mayi Audrey, ndipo andiuza kuti situluka mpaka nditanena chinthu china pamaso panu. Ndikalephera, riboni adula okha, ine ndikakwera minibasi ndi manyazi anga. Choncho mundipirire pang'ono.

Zaka khumi zapitazo kunabwera kampani ina ya mabaketi ndi mabeseni apulasitiki kuno ku mafakitale. Dzina lake sinditchula, poti ngakhale chikwangwani chake chinazulidwa kale. Boma linaikhululukira msonkho kwa zaka zisanu, iyo n'kulonjeza kuti ilemba anthu 120. Kalaliki wolemba anthuwo ndinali ine, ndipo ndikuuzani zoona: tinalipo 31, kuwerengera ndi alonda omwe. Mabaketi ambiri ankabwera opangapanga m'makontena, ife ntchito yathu inali kulowetsa zogwirira basi.

M'chaka chachitatu kunafika kalata yoti Lachinayi kukubwera alendo ochokera ku Lusaka kudzaona ngati ntchito zinalipodi. Manijala anandiitana. Anati, "Lighton, ufuna tonse tikhalilile pa nchito? Nipezele banthu nainte pa Thursday. Tsiku imozi chabe."

Abale anga, munthu wa tchalitchi angapeze kuti anthu makumi asanu ndi anayi m'masiku ochepa? Mukudziwa kale, ndaona ena mwayamba kuweramitsa mitu. Lamulungu, pa nthawi ya maumboni, ndinaimirira n'kunena kuti, "Mulungu watsegula khomo ku fakitale kwathu!" Anthu anaimba nthungululu. Chimene sindinanene n'chakuti khomolo linali lotseguka tsiku limodzi lokha. Kwaya yonse inakweza manja, othandiza pakhomo anakweza manja, gulu la azimayi linakweza manja onse awiri.

Lachinayi tinawaveka maovololo abuluu ongotuluka m'mapepala, mizere yopindira ikuonekabe pachifuwa. Tinawauza kuti aliyense aime pafupi ndi makina, koma asakhudze kanthu. Alendo anachedwa maola awiri. Tsono kwaya ndi kwaya, simungaiimike pamodzi n'kuiuza kuti ikhale chete. Achimwene Chimuka, amene akhala apowo, anayamba kung'ung'udza nyimbo pansipansi, azimayi n'kulandira, ndipo pamene alendo ankalowa fakitale yonse inali ikuimba m'mawu anayi. Mlendo wina anandigwira dzanja nati sanaonepo antchito okondwa chotere, ndipo anazilemba m'buku lake. Sekani, palibe vuto. Inenso ndinaseka tsiku limenelo.

Madzulo aliyense analandira banzi ndi chakumwa, tinatolera maovololo athu, ndipo Lachisanu anapeza geti lotseka ndi mawu akuti "tidzakuitanani." Kampani inamaliza zaka zake zisanu mosatekeseka. Mwezi wotsatira malole anabwera kudzanyamula makina, ndipo ife 31 tinatsala tikuyang'ana fumbi.

Koma pali mmodzi amene sanangotaya tsiku. Mayi Audrey ankagulitsa nsomba zouma patebulo la pafupi ndi khomo la msika, limene anawasiyira malemu amayi awo. Azimayi a pamsika mundichitire umboni: tebulo si mpando wa m'tchalitchi woti ungasiyepo chitenje n'kudzaupeza. Atamva umboni wanga, Lolemba lake anapereka tebulolo kwa mayi wina, ali ndi ana atatu pakhomo. Silinabwererenso.

Nkhani imeneyi ndakhala nayo ngati munga wa nsomba pakhosi, ndikutsogolera mapemphero, ndikugawa mgonero. Ndiye mlungu watha kalata yondiitana kuno inafika. Lachiwiri ndinapita kwa Mayi Audrey kukakana. Ndinawapeza pamakina.

Ndinati, "Ba Audrey, siningabwele. Nili na mulandu na imwe."

Iwo, phazi likupondabe makina, anati, "Wa maovololo?"

Ndinati, "Kanshi munali kuziba?"

Anati, "Ba elda, makina yamene munaniimika pambali, waya wake unali chabe gone pansi, osalowa ku chipupa. Nenze kugulitsa nsomba, koma mutu wanga si wa nsomba."

Ndinafunsa, "Manje mwaniitanila chani?"

Apo ndiye anaimitsa makina. Anati, "Cha pa Sondo munakamba pa gulu. Na ichi mukakambe pa gulu. Mukakamba, nizakupasani sizasi."

Kenako anandionetsa zidutswa za makatoni zopachikidwa pamsomali. Paja ndati tinatolera maovololo athu? Imodzi inasowa, ndipo ine ndinakalipiridwa nayo. Lachiwiri lomwelo ndi pamene ndinadziwa kumene inapita. Mayi Audrey anakana kuivula, anati tebulo lawo silingapite ulele. Anakaimasula msoko ndi msoko, anajambula zidutswa zake pamakatoni, n'kuyamba kusokera owotcherera zitsulo a ku Nangongwe pamakina a azakhali awo. Lero gulu lino lili ndi anthu 23 amene amabwera Lolemba mpaka Loweruka, mvula kapena dzuwa. Ndikayang'ana zaka zisanu za msonkho wokhululukidwa, chimene kampani ija inasiya mu Kafue ndi ovololo imodzi, ndipo nayonso sinaisiye mwakufuna.

Olemekezeka, musamve ngati ndikuti kukhululukira kampani msonkho ndi tchimo. Ine si katswiri, ndanena kale. Ndikudziwa mwini fakitale wina amene anakhululukidwanso, ndipo alipo mpaka lero, antchito ake maovololo anatha m'mawondo. Ndinamufunsa chimene chinamubweretsa. Anati madzi a mtsinje, njanji, msewu wa ku Lusaka, ndi anthu odziwa ntchito. Za msonkho anati inali mbasela chabe. Azimayi a pamsika mukudziwa bwino kuti mbasela amaikira munthu amene wagula. Amene wabwera chifukwa cha mbasela yokha, mbasela ikatha mumuona msana.

Ndipo chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti msonkho wokhululukidwawo sugwa kuchokera kumwamba ngati mana. Ndi dzenje la mumsewu limene silinakwiriridwe, ndi mankhwala amene mayi sanawapeze, ndi desiki limene mwana sanakhalepo. Tikamapereka zimenezi, tizidziwa chimene tagula.

Ndamva kuti makampani ena akugogoda, ndipo tiwalandire ndi manja awiri, poti achinyamata athu atopa kuyenda ndi makalata m'maenvulopu. Koma inu amene mumatumidwa kukawerenga ntchito, landirani malangizo a munthu amene anakupusitsanipo. Musalembe kalata yonena tsiku lobwera. Mukafika, yang'anani mawondo a maovololo, tsatirani waya mpaka kukhoma, funsani maina, ndipo mudzabwerenso nthawi ya mvula kudzaona ngati nkhope zili zomwezo. Mukamva antchito akuimba bwino kwambiri, funsani kuti amapemphera kuti. Pobwerera mudzadutse kuno, kwa anthu amene sanapemphe tchuthi cha msonkho koma amangopempha magetsi osathimathima ndi msewu woti galimoto ya nsalu ifike pakhomo.

Tsopano ndifike pa chimene ndabwerera. Abusa, ndinanama pa guwa, ndipo ndinatchula dzina la Mulungu pa khomo limene ndinkadziwa kuti litsekedwa. Achimwene Chimuka ndi kwaya yonse, ndinakuimitsani ngati zidole kuti ine ndisunge ntchito yanga. Mayi Audrey, tebulo la amayi anu munalitaya chifukwa cha pakamwa panga. Sindinanyengedwe, ndinkadziwa. Ndikhululukireni.

Ndanena, mayi. Palibe chimene ndasiya.

Anthu akumbuyo, simukuona, ndiye ndikuuzeni: chikwama chatsegulidwa. Ndipo si sizasi yatsopano ya mwambo ayi, ndi yakale, chogwirira chake n'chomangidwa ndi kansalu. Akuti ndi yomwe ija inamasula ovololo. Mayi, bwerani tigwire tonse.

Olemekezeka nonse, mwa ulemu umene sindinauyenere koma ndapatsidwa, ndikulengeza kuti nyumba yosokeramo ya Tisoke Tokha yatsegulidwa. Khomo ili, abale anga, mudzalipeza lotseguka ndi mawa lomwe.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.