Osagwira Zithunzi za Malume

Guys, mayi wina wa ku galare, kumene amaonetsera zithunzi, anauza malume ena ojambula ndi penti kuti atumize linki lero lomwe, zithunzi zikawasangalatsa alowa m'chionetsero chachikulu. Ndiye mphwawo, mtsikana wopanga mawebusayiti, anakhala ndi laputopu m'kachipinda kojambulira, pamwamba pake masokosi a anti ali lende pachingwe, chithunzi chachikulu, chabwino kuposa zonse, chitatseka windo losweka, mwayi wake anachitola pa foni mvula isanachipeze.

"Onani malume, munthu akafuna kuonetsetsa amangotere." Anaika zala ziwiri pa sikirini n'kuzitambasula. Mphuno ya pachithunzi inadzaza foni yonse.

"Iwe! Chotsa zala! Wasamba m'manja?"

"Ndi zumu imeneyi."

"Kaya zumu kaya chani, m'chionetsero sagwira chithunzi. Anakulera ndani?"

"Inuyo."

"Ndiye chotsa."

Mtsikanayu satsutsana ndi kasitomala. Zimene wanena, ndi zomwezo basi. Kho kho kho pa kiyibodi, zumu yapita.

"Chinanso, munthu aziima patali. Chithunzi changa amachionera pakhomo apo." Analoza ndi burashi.

Iye nyamu, wakaima pakhomo, wayang'ana, wabwerera. Kho kho. Chithunzi chinafota mpaka kungokhala ngati kabokosi ka machesi.

"Asa! Wachichepetseranji?"

"Ndi mmene chikuonekera munthu akaima pakhomo."

Malume anatsinzina diso limodzi, mutu pambali. "Mmm. Ok. Chikuoneka chaulemu. Nanga uko ukukankha ndi chalako?"

"Ndikupita ku chithunzi chinacho."

"Changu chimenecho? Ine ndinajambula mpaka msana kuuma, munthu angochikankha ngati akuingitsa ntchentche?"

"Ndiye azikhalapo mpaka liti?"

"Mpaka amve kanthu mumtima."

"Foni sidziwa za mumtima, malume."

"Ndiye asachoke."

"Shuwa?"

"Asachoke!"

Batani lopitira kutsogolo, fwaa. Lotulukira nalonso, fwaa. Iye sanaonepo vuto, wauzidwa, wachita. Ntchito yaukhondo, linki yatumizidwa.

Malume anayamba kuyendayenda manja kumbuyo, akuwerama kuzemba masokosi. Posakhalitsa foni inati ting.

"Ayankha."

"Werenga, werenga!"

"Akuti kakuoneka kokongola ndithu. Koma kachepa, sikakukula, sikakusuntha, ndipo achita kuzimitsa foni kuti atulukemo."

Malume anadziguguda pachifuwa, penti mbwee pa shati. "Waona? Akhalapo! Amva kanthu!"

"Pali inanso. Akuti poti pa foni zakanika, akubwera okha adzaone ndi maso. Makamaka chachikulu chija."



Malume anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana ku windo. Chachikulu chija chinali chitafufuma ngati chakhuta, mphuno yotchuka ija mvula itaitsitsira kuchibwano, pakona pena anti atakhomapo msomali wa chingwe cha masokosi.

"Akubwera... kuno?"

"Ali m'galimoto kale."

"Sakudziwa kuno amenewo." Anaseka pang'ono, kaseko kouma. "Asochera."

"Ndawatumizira lokeshoni."

"Wakutuma ndani?!"

"Munati chithunzi chanu amachionera pakhomo."

"Pakhomo la pa foni, iwe!"

"Foni ilibe khomo, malume. Linali batani lotulukira lija, munati ndichotse."

Malume anathamangira ku windo, anagwira chithunzi kuti achichotse, mphepo inalowa, masokosi n'kuwamenya kumaso. Anachibwezera. Anabwera, anagwada pambali pa laputopu, anatenga dzanja la mphwawo n'kuika okha zala zake ziwiri pa sikirini.

"Ndikugwira chithunzitu apa," iye anawakumbutsa. "Sindinasambe m'manja."

"Bweza zumu, mphwanga. Uwauze agwire, atsine, kaya anyambite kumene, bola asabwere!"