Masamba Awiri Amene Achemwali Anasoka

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1948, oyamba mwa ana anayi a bambo wokonza mawotchi ndi mayi wosoka zovala. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo, wachitatu kubadwa. Abale andisankha kuti ndiwerenge mbiriyi poti ndinali mphunzitsi, akuti mawu anga amafika patali. Akayamba kunjenjemera mundikhululukire.

Bambo athu anali munthu wa mabuku. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi: tebulo pawindo, mawotchi pakhoma, iliyonse ikunena nthawi yakeyake, ndi bokosi la mabuku kunsi kwa tebulo. Akaweruka ankatiwerengera masamba asanu, osapitirira, ngakhale tilire bwanji. Buku lawo lapamtima linali lachikuto chobiriwira, lonena za nyenyezi ndi anthu oyenda panyanja. Likatha ankaliyambanso. Malemu ankakhala pafupi nawo, maso ali pachala cha bambo.

Mu 1955 malemu anayamba sukulu, koma anaphunzira miyezi inayi yokha. Mayi athu anamwalira pobereka mng'ono wanga, ndipo bambo anawasiyitsa sukulu kuti alere ife. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anasanduka mayi. Nthawi yanga itakwana ndinapita kusukulu ndi malaya ochapidwa ndi manja awo, ndipo sindinafunsepo kuti iwo bwanji akutsala.

Mu 1967 bambo anadwala. Ataona kuti zinthu sizili bwino, anaitanitsa cholembera ndi buku lobiriwira lija, nalemba mawu pamasamba awiri opanda kanthu a kumapeto, n'kulipereka kwa mwana wawo wamkaziyo. Titaika maliro, malemu anatenga singano ya mayi, nasoka masamba awiriwo m'mphepete mozungulira. Kuyambira pamenepo buku aliyense ankaliwerenga, koma ulusi uja sunakhudzidwe. Ife tinkawaseka kuti mwina bambo anawauza komwe anakwirira chuma. Iwo ankangoti: "Kalata ndi yanga, ndidzaiwerenga ndikadzafuna."

Mu 1968 analembedwa ntchito pamalo osindikizira mabuku, m'chipinda chopinda ndi kusoka mapepala. Anagwira zaka 35 pabenchi limodzi, pakati pa fungo la guluu ndi inki, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Anasingano. Amene munagwira nawo ntchito mukudziwa kuti buku losokedwa ndi iwo linkatha chikuto, koma tsamba osathothoka. Mabuku olakwika posindikiza, oti akatayidwe, ankawapempha kwa kapitawo n'kubwera nawo kunyumba. Ena anali ndi masamba ozondoka, moti ana awo mpaka lero amatha kuwerenga buku chadodolido.

Mu 1970 anakwatiwa ndi alamu anga, oyendetsa basi, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. Lamulo la bambo athu linalowa m'nyumba imeneyo: masamba asanu tsiku lililonse anthu asanadye. Koma wowerenga anali mwana. Malemu ankakhala ndi chosoka m'manja, namati maso atopa ndi singano. Mwana akadumpha mzere m'buku lobiriwira, ankamubweza osadzutsa n'komwe mutu: "Bwerera, wasiya pamene woyendetsa chombo akuyang'ana kumwamba." Ana ankati amayi ali ndi maso kunkhongo. M'nyumba imeneyo munatuluka namwino, loya, woyang'anira laibulale ndi makanika amene amaiwala galimoto za eni ake chifukwa cha buku. Adzukulu nawo analowa m'mzere womwewo.

Alamu anamwalira mu 2018. Malemu anali atayamba kale kudwala shuga, ndipo mu 2021 dokotala ananena kuti maso awo akupita, atsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Mlungu womwewo anandiitana. Ndinawapeza pakhonde, buku lobiriwira lili pamiyendo. Anandiuza mosazungulira kuti: "Achimwene, ine sinditha kuwerenga. Mundiphunzitse maso asanatseke."

Anthuni, ndinakhala pansi. Ine amene ndinaphunzitsa ana a eni zaka 40 sindinadziwe kuti mlongo wanga sadziwa chilembo. Manambala ankawadziwa, ndiwo ankasanjira masamba kuntchito. Makalata, zikwangwani ndi mapepala a mankhwala ankawawerengera alamu, amene anasunga chinsinsicho mpaka kumanda. Buku lobiriwira lonse, masamba 212, linali m'mutu mwawo monga momwe bambo ankaliwerengera. Mabuku enawo ankawasunga pongomva kamodzi. Ndinachita manyazi, komanso ndinachita mantha ndi nzeru zoterozo.

Ndinawauza kuti tingodula ulusi, ndiwawerengere pompo. Anandiyang'ana ngati ndaba. Anati bambo analembera iwo, osati ine, ndipo ngati akanafuna wowawerengera, amuna awo analipo zaka 48.

Tinayamba sukulu patebulo la m'khitchini, m'mawa uliwonse dzuwa likawala pawindo. Ndinkalemba zilembo zazikulu ngati dzanja, chifukwa zazing'ono zinali zitayamba kale kuwathawa. Anali mwana wasukulu wovuta. Ndikawapatsa buku lobiriwira ankalakatula za pamtima n'kumanamizira kutsata ndi chala, moti ndinachita kuwabisira. Ndikakweza mawu ankandikumbutsa amene ankandisambitsa. Titatha zilembo zosindikiza tinayamba zolemba pamanja, poti bambo ankalemba mopendeketsa. Miyezi inkapita, diso lamanzere linatseka, ndipo ine ndinayamba kutaya mtima. Iwo ankati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 9 Juni 2022, ali ndi zaka 74, anaitana ana onse. Anavala diresi ya kutchalitchi. Anadula okha ulusi umene anasoka zaka 55 zapitazo, natenga galasi la bambo loonera mawotchi, naweramira pabuku ndi diso limodzi lotsalalo. Mizere inali itatu yokha, koma inawatengera pafupifupi ola lathunthu. Milomo yawo inkayenda popanda mawu, ndipo pena ankabwerera monga ankabwezera ana awo. Atamaliza anapempha cholembera, nalemba kenakake mmunsi mwake, natseka buku. Sanatiuze kanthu, koma tsiku limenelo anaimba akutsuka mbale.

Pofika Disembala chaka chomwecho maso anali atatsekeratu. Masamba asanu sanaleke. Ana ndi adzukulu ankasinthana, ndipo iwo ankawabwezabe akadumpha mzere. Pa 20 Januwale 2024 anagonekedwa m'chipatala impso zitafooka, ndipo anatisiya m'mawa wa pa 3 Febuluwale, ali ndi zaka 75.

Asiya ana anayi, adzukulu khumi ndi mmodzi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi ife alongo awo awiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, anzawo a kuntchito, oyandikana nawo nyumba, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatipepesa.

Ali m'chipatala malemu anandilamula kuti pa tsiku la lero nditsegule masamba aja, ndiwerenge pamaso panu. Ati iwo anawerenga kale, tsopano ena atha kumva. Bukuli ndi ili. Bambo analemba kuti:

"Mwana wanga, ndinakusiyitsa sukulu ndikudziwa kuti unali wanzeru kuposa ine. Ndinalakwa. Ngati ukuwerenga wekha mawuwa, ndiye kuti sindinakuphere zonse, ndipo undikhululukire."

Mmunsi mwake muli zilembo zazikulu, zokhotakhota, zimene ndinawaphunzitsa ine pa tebulo la m'khitchini:

"Ndawerenga ndekha, bambo. Ndinakukhululukirani kalekale."

Achemwali, pitani mukawauze pamaso. Mzimu wanu uuse mumtendere.