Miyezi Inayi pa Benchi ya Kumbuyo

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye Yesu. Alendo athu ochokera ku Chipinge, mwayenda mtunda wautali, takulandirani kuno ku Honde. Amene simundidziwa, ndine Mai Chipo, ndimathyola tiyi pa esiteti pano, ndipo msana wangawu unazolowera dengu kalekale. Ndikufuna kuchitira umboni.

Tatembenukani pang'ono muone benchi ili pafupi ndi chitseko iyo. Eya, yogwedera mwendo iyo. Alendo, kuno kwathu munthu akagwa m'tchimo n'kulapa, amakhala pamenepo miyezi isanu ndi umodzi asanabwerere pa mgonero. Ana amaitcha jele. Umboni wanga ndi wa benchi imeneyo.

Tchalitchi chino chinkadzaza, abale, mpaka ena kumvera pa windo. Kenako kunabwera mneneri wina ku minda ya nthochi ya ku Mandeya. Dzina lake sinditchula. Ankagawa timiyala ta mumtsinje ndi mafuta m'timabotolo, ndipo matenda alionse iye ankawapezera mfiti yake. Tsiku lonse dengu lili kumsana, msana ungaleke kupweteka? Koma iye ankati ndi apongozi ako. Anthu anakhamukira komweko. Akwaya anapita. Woimba ng'oma anapita ndi ng'oma yomwe. Akulu a mpingo awiri anapita. Tinatsala anthu oti mphasa imodzi n'kutikwana tonse.

Ndinalira, abale. Ndinalirira mpingo uno ngati maliro a mayi anga. Koma amene anandiswa mtima kwenikweni ndi Mai Tapiwa, mnzanga wa khomo loyandikana nane ku komboni. Makolo ake anachokera ku Mozambiki. Iyeyu ndi amene anandipeza ndili mkazi wa ndewu pa mpopi, nandikokera muno, nandiphunzitsa kupemphera. Mwana wake Tapiwa anadwala n'kutisiya. Chisoni chinamutengera kwa mneneri uja, ndipo anauzidwa kuti wadya mwanayo ndi Mbuya Zuze, agogo amene amasesa muno Loweruka lililonse. Sabata lotsatira Mai Tapiwa anaima pa chitseko icho, analoza Mbuya chala, nawatcha mfiti pamaso pa tonse. Anavula duku la yunifomu, kuliponya pansi, n'kutuluka. Mbuya anangotola dukulo.

Tsopano ndinene tchimo langa, chifukwa pakamwa pangapa mumapadziwa. Amayi inu musaseke. Chisoni changa chinasanduka matama. Ndinkati ife otsala ndiye tirigu, opitawo ndi mankhusu. Ndinasiya kumupatsa moni Mai Tapiwa. Foromani ankatiika pa mzere umodzi, iye mbali iyo ine mbali ino, manja athu kumakumana pa mtengo umodzi wa tiyi, koma dzinja lonse osalankhulana. Ndinkati kumeneko ndiye kukhulupirika.

Mneneri uja anathawa, anawoloka malire ndi mkazi wa mwini komanso mbuzi za anthu. Ndinati basi, onse abwerera. Palibe ndi mmodzi yemwe anabwera. Ena analowerera m'mowa, ena ankangokhala pakhomo belu likulira.

Tsiku lina m'mawa kuli nkhungu, tili pa mzere, Mai Tapiwa analankhula osandiyang'ana. Amanditcha mana, ndiye kuti mchemwali, monga amaitanirana kwawo.

"Mana, belu lanu lija ndimalimva Sabata lililonse."

Ine ndi pakamwa panga ndinati, "Ndiye makutu okha ndi amene ali moyo, miyendo inafa?"

Anayamba kulira, misozi kugwera pa masamba. Anati, "Benchi ija, mana. Ine amene ndinakuphunzitsa kupemphera ndikakhale ndekha pa chitseko, wolowa aliyense andione, wotembenuka aliyense andione? Nanga Mbuya Zuze ndikawayang'ana ndi nkhope iti? Bola ndifere kunja konkuno."

Bola ndifere kunja. Abale, mawu amenewo anandilasa. Munthu amene anandilowetsa m'nyumba ya Mulungu akufuna kufera kunja, ine ndili kutsogolo ndi yunifomu yosita bwino. Ndinamuuza kuti, "Sudzakhala wekha. Tsiku limene udzabwere, udzandipeza pa benchi pomwepo." Anandilumbiritsa kuti ndisauze anthu, kuopa kuti angamamudikire pa chitseko ngati kanema.

Sabata limenelo ndinalowa, ndinafika pa benchi iyo, ndinakhala. Mai Tapiwa sanabwere. Sabata lachiwiri sanabwere. Lachitatu sanabwere.

Koma nkhani ndiye inayenda. Pa mpopi akuti Mai Chipo wagwidwa akugona ndi foromani. Pa sikelo akuti ayi, ankanyowetsa masamba kuti alemere. Amene munkanena zimenezo muli momwemuno, ndinakukhululukirani, musaweramitse mitu. Amayi a Lachinayi ananditumizira uthenga kuti ngati ndachimwa ndivule yunifomu. Amuna anga, bambo a Chipo, anandikhazika pansi.

"Mai Chipo, ndiuzeni chilungamo. Anzanga ku fakitale akundiseka. Mwachita chiyani?"

Ndinati, "Bambo, sindinakuchititseni manyazi. Ndikusungira munthu malo."

Anati, "Shuwa?" Ndinati shuwa. Sanafunsenso, koma masiku amenewo chakudya sichinkawalowa bwino.

Abusa anandiitana, ndipo iwo okha ndinawauza zonse. Anati lamulo la benchi sangalichotse okha, koma palibe lamulo loletsa munthu wosalakwa kukhalapo. Ndinati, "Abusa, wosalakwayo ndi ndani? Dzinja lonse ndamumana mlongo wanga moni. Benchiyo ndi yanganso."

Mwezi wachitatu ndinatopa. Sindinama pamaso pa Mulungu, ndinatopa. Ku mzere ndikamufunsa, Mai Tapiwa ankangoti Sabata likubwerali. Ndinapemphera ndili wokwiya, ndinati Ambuye, dzina langa lathera pa mpopi chifukwa cha munthu amene sakubwera, Sabata lino ndi lomaliza.

Sabata lomalizalo ndinangomva ndodo ikugogoda pansi. Mbuya Zuze aima pambali panga.

"Sendera, muzukuru."

Ndinanong'ona kuti, "Mbuya, inu mwalakwa chiyani?"

Anati, "Ndakalamba koma sindinapuse. Ndikumudziwa amene ukumudikira. Tapiwa ndinamubereka kumsana kwanga kuno, inenso ndinamulira. Timudikire tonse."

Ndikanachoka bwanji, abale? Munthu amene anatchedwa mfiti wakhala pa jele kudikira amene anamutukwana, ine wongonenedwa pa mpopi n'kuthawa? Sabata lotsatira bambo a Chipo anasiya mbali ya amuna, nadzakhala kumapeto kwa benchi. Akuti ankaopa kuti ingatigwetse ndi mwendo wake uja.

Mwezi wachinayi, tsiku la mvula yamphamvu, Abusa ali pakati pa ulaliki, chitseko chinatseguka. Mai Tapiwa, atafunda pulasitiki yothyolera tiyi, kapulana yake, chitenje cha kwawo, itanyowa mpaka m'chiuno. Anandiona ine. Anaona bambo a Chipo. Ataona Mbuya Zuze anabwerera m'mbuyo, dzanja lili kale pa chitseko. Mbuya anasendera, napukuta malowo ndi nsonga ya chitenje chawo, nati, "Khala, Mai Tapiwa, wanyowa."

Sanakhale. Anagwa pansi, nagwira mapazi a Mbuya, nalira kulira kumene sanalire ngakhale pa manda a mwana wake. Anabweza mawu ake aja mokweza, pa chitseko chomwe anawanenera. Ulaliki unathera pomwepo. Amene munalipo, ndikunama? Tonse tinalira, amuna omwe.

Zitamveka ku komboni kuti pa benchi sukhala wekha, anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi. Woimba ng'oma anabwera atasenza ng'oma yathu. Mkulu wa mpingo mmodzi anabwera, munthu waimvi, nakhala pakati pa ife. Benchi inachepa, tinachita kubwereka ina ku sukulu. Ife othyola tiyi timadziwa kuti tiyi akamudula amaoneka ngati nkhuni, koma palibe amamuzula, chifukwa mvula ikagwa amaphukanso. Ine ndinali nditawazula kale abale anga mumtima, koma Mulungu sanawazule.

Lero Mai Tapiwa wamaliza miyezi yake isanu ndi umodzi. M'mawa uno wavala yunifomu. Duku lili kumutu kwakelo ndi lomwe lija analiponya pansi. Mbuya Zuze analichapa, nalisunga m'sutikesi nthawi yonseyi, ndipo amumanga okha ndi manja awo. Taimirira, mana, anthu akuone. Taimirira, lero usabise nkhope.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiletsa kuchoka Sabata lija. Ndikuthokoza Abusa posunga chinsinsi, Mbuya Zuze, ndi bambo a Chipo amene anagwirira benchi. Misozi yanga sinatheretu, chifukwa mkulu wa mpingo winayo akadali ku mowa, ndipo akwaya ena akungomva belu ali pakhomo. Choncho ndikatsika pano musandisungire malo kutsogolo, ine ndikubwerera kumbuyo komweko. Mawa ku mizere mukawauze kuti sadzakhala okha.

Koma lero ndi tsiku la chimwemwe, abale. Amene ankati bola afere kunja, uyo waima mkati, adya nafe mgonero. Aleluya! Imirirani nonse mukondwere nane. Amayi, nthungululu zili kuti? Achimwene a ng'oma, ng'omayo inabwerera kwawo, imenyeni mpaka ku komboni amve.